Tsiku Limene Tinaperekeza Njinga ya Bambo a Tadala ku Lirangwe

Uthenga wa apongozi anga unali wachidule: njinga ibwere ikulira yokha, isabwere itagonekedwa pa lole ngati mbuzi yodwala. Anandiuza pa foni ndi alamu anga a Fanuelo, ndipo anachita kubwereza, mwina poopa kuti ndiyesa nthabwala. Ine ndinangoti, "Ndamva, alamu," koma nditadula foni ndinapsa mtima. Mwamuna munanditengera kale kukamuika kwanu, lero mukufunanso njinga, ndiye ndikubweretsereni ikuimba?

Amuna anga, bambo a Tadala, dzina lawo a Laisoni, anatisiya mvula isanayambe. Ntchito yawo inali yokonza mijigo, ndipo midzi ya kwa Kuntaja inkawadziwa ndi kanjinga kawo kamoto kofiira, zipangizo zitamangidwa kumbuyo ndi mphira. Titakolola, akuchimuna anatchula Loweruka la nsudzulo, tsiku loti andimasule pa ukwati ndi kugawa katundu wa malemu. Mwa mwambo wake iwo ndiwo akanabwera kwathu ku Chileka, koma apongozi anga anachita khungu kalekale, miyendo nayo siwalolanso kukwera minibasi, choncho tinagwirizana kuti ife ndife tipite ku Lirangwe. Nyumba ndi munda zili pa malo a kwathu, zimenezo panalibe wozikhudza. Koma njinga aliyense ankadziwa kuti ndi ya mwamuna, ipita kwa abale ake, ndipo ndinali nditamva kale kuti a Fanuelo akufuna kuiika pa kabaza.

Ndikuuzeni chimene njingayo inkandiwawira kuposa mbuzi ndi wailesi. M'mawa uliwonse, tiyi asanapse, bambo a Tadala ankaitulutsa pansi pa mtengo wa mango, n'kuiliza, n'kudikira kuti injini itenthe. Kenako ankanyonyomala pambali pake ndi kasupuni kanga ka tiyi, kamene anandibera m'khitchini n'kukapala kuchogwirira kuti kazilowa m'timasikulu ta kabuleta. Kwa inu amene simunakwatiwepo ndi mwini njinga, kabuleta ndi kachitsulo kokula ngati chibakera, kuseri kwa injini, m'mene petulo amakumanirana ndi mpweya. Timasikulu take n'tiwiri: kena ka mpweya, kena kokweza kapena kutsitsa kulira kwa injini njinga ikakhala chiimire. Iwo ankati munthu amene ali pafupi samva bwino chifukwa makutu amadzaza phokoso, womva bwino ndi amene ali patali. Ndiye womvayo ndinali ine. Ndinkakhala pa thandala ndikutsuka mbale, nditawafulatira, iwo akupotokola pang'onopang'ono.

"Mayi a Tadala, bwanji pamenepa?"

"Ikuthamanga. Mukuithamangitsira kuti?"

"Pano?"

"Ikutsamwa."

"Nanga pano?"

"Pomwepo! Musakhudzenso."

Pomwepo pamenepo inkalira motsitsa, du-du-du, kenako n'kupuma pang'ono ngati munthu amene akumeza malovu, n'kuyambiranso. Zaka zonse ndinkawanena kuti anandikwatira mitala ndi chitsulo. Atamwalira, mkazi mnzangayo ndinamulowetsa pabalaza n'kumufunditsa chitenje, ndipo Loweruka lililonse ndinkamusambitsa ndi ndowa ya madzi ndi sopo, kuyambira ku thanki mpaka ku matayala. Kuiliza ayi, ndinalibe mtima umenewo.

Tsiku la ulendo ankhoswe ndi mwana wanga Tadala anatsogola m'mamawa pa minibasi. Ine ndinatsala ndi achimwene anga a Bonifesi, amene amayendetsa kabaza pa Chatha, kuti tibwere ndi njinga. Kasupuni kaja ndinakachotsa m'chikwama cha zipangizo n'kukamanga pa mfundo ya chitenje changa. Kameneko n'ka m'khitchini mwanga, kaya anene chiyani.

Kunja kunali chisanu cha Juni, nkhungu ili mbuu mpaka mtengo wa mango osaoneka nsonga. A Bonifesi anathira petulo wa m'botolo n'kuyamba kuponda kiki. Anaponda mpaka anavula jekete. Atakoka choko, kachitsulo kotseka mpweya kuti injini yozizira idzuke, njinga inatsokomola, n'kutulutsa utsi woyera, n'kuyamba kulira mosasa mawu.

"Kwerani msanga, achemwali, isanasinthe maganizo!"

Tinatsika kamsewu kafumbi ka kumudzi, mapesi a chimanga ali mbwee m'minda. Ndinali ndisanakhalenso pa mpando umenewo chichokereni amuna anga, ndipo manja anga anapita okha pamene ankagwira kale. Ndinatsinzina. Kwa kanthawi msana umene unali kutsogolo kwanga sunali wa achimwene, ndinkamva fungo la girisi ndi sopo wa buluu. Koma a Bonifesi atangobweza choko, njinga inati tsoko, tsoko, n'kuti zii, pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege.

Tinaima pamenepo, nkhungu ikusungunuka. Kuseri kwa waya kandege kena koyera kanali duu, kenako kanayamba kuyenda, n'kuthamanga, n'kunyamuka mosavutika ngakhale pang'ono. Ndinakayang'ana mpaka kanalowa m'mitambo. Bambo a Tadala ankati tsiku lina adzandikweza, tikangozungulira pamwamba pa phiri la Michiru n'kubwerera kudzadya nkhomaliro. Achimwene anandidzutsa ndi mawu oti njinga ikulola kuyenda pokhapokha choko chili chokoka, tiyenda choncho basi.

Pa Chatha anzawo a kabaza anatizinga ngati tabwera ndi nyama. Aliyense anali dokotala. Wina akuti ndi pulagi, wina akuti ndi petulo wa m'mabotoloyu, wina akuti njinga ya malemu siyenda popanda kuipepesa. Anamasula pulagi, yakuda bii, n'kuipala ndi msasa, n'kuibwezera.

"Amwene Bonifesi, mwakwera ndege lero? Mufika mawa!"

"Inu zanu n'zoseka basi. Kankhani uko!"

Anatikankha akuseka, njinga n'kugwira moto. Tinayenda modukizadukiza mpaka pa Kameza, ndipo pakati penipeni pozungulira magalimoto inazimanso. Mahutala kumbuyo ali pii, pii, kondakitala wina akutikuwiza kuti tikagulitse kwa ogula zitsulo. Tinaikankhira pambali ine nditagwira kumbuyo, nsapato imodzi ikuvuka. Mayi wina wogulitsa nthochi, ataona zovala zanga zakuda, anandipatsa chigubu kuti ndikhalire.

"Asisi, bwanji osangoikweza pa lole? Malole opita ku Zalewa ndi ambirimbiri."

"Eni ake akuti ibwere ikulira."

"Iii, koma anthu ena!"

Ndisanameyi: pa chigubu pamenepo mtima wanga unali kusekerera. Ndinkati njingayi ingofa, iferetu ndithu, tibwerere nayo kunyumba tikuikankha, ndikaifunditsenso chitenje, akuchimuna ndiwauze kuti yakana yokha. Koma achimwene anga ndi munthu wamakani chibadwire. Anaigwedeza uku ndi uku, n'kuuzira m'thanki ndi pakamwa mpaka masaya kutupa, n'kupondanso kiki, ndipo mwatsoka langa inadzuka. Msewu wa ku Lunzu tinauyenda m'mphepete, apanjinga zakapalasa onyamula makala akutipitirira n'kumatipatsa moni.

Pa Lunzu tinalowa kuseri kwa magolosale, kwa makaniko wina wa ndevu za imvi amene achimwene amamudziwa. Patsogolo pathu panali njinga zina, ndiye tinauzidwa kudikira. Ndinakhala pa benchi ya thabwa limodzi pansi pa kashedi ka malata. Dzuwa linali litatuluka tsopano, likulowa m'timabowo ta malata n'kumagwera pa chitenje changa timadontho timadontho. Penapake wailesi inkaimba nyimbo za kwaya. Foni inalira, a Fanuelo: akuluakulu akhala kale pa mphasa, muli pati? Ndinati tili pa Lunzu, njinga ili m'chipatala. Anapumira m'mwamba n'kudula.

Nthawi yathu itakwana, makaniko anatseka kampopi ka petulo, n'kumasula kabuleta yonse, n'kuiika m'beseni lakale. Atatsegula kambale ka pansi, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, njingayi imamwa tiyi?"

"Bwanji, bambo?"

"Taonani."

M'kambalemo munali madzi, timibulu tikuyendayenda pansi pa petulo, ndi zinyalala zobiriwira zonanda. Anati zobiriwirazo ndi petulo wakale amene anagonamo dzinja lonse, koma madziwa ndiye sakuwamvetsa, kapena inagona pamvula?

"Imagona pabalaza," ndinatero. "Kungoti ndimaisambitsa Loweruka lililonse."

"Ndi chiyani?"

"Ndi ndowa."

A Bonifesi anagwira pamutu. "Achemwali! Ndowa? Mesa ndi njinga iyi, si mwana!"

Makaniko sanaseke kwambiri. Anangoti azimayi ambiri amasamala choncho, n'kupitiriza ntchito. Anakhuthula thanki yonse, poti namonso munali madzi. Anatulutsa timajeti tiwiri ta mkuwa, timachubu tating'ono tokhala ndi kabowo kopyapyala ngati ka singano, mmene petulo amadutsa. Anakaloza kudzuwa kamodzi, n'kundipatsa kuti ndisuzumire. Mdima. Anasolola kawaya kamodzi pa kebulo yakutha ya buleki, n'kukalowetsa mofatsa, n'kutsuka ndi petulo, n'kuuzira. Nditasuzumiranso ndinaona kadontho ka kuwala, kozungulira bwinobwino, kakang'ono kwambiri koma kowala zedi. Ndinakayang'anitsitsa mpaka anachita kundipempha kuti ndibweze.

Pamene ankamanga, tulo tinandiba pa benchi paja. Ndinalota ndili pa thandala kwathu, mbale zili m'madzi ofunda, kumbuyo kwanga munthu akuimba kamluzu. Ndinkadziwa kuti ndikatembenuka sindimupeza, ndiye sindinatembenuke, ndinangopitiriza kutsuka mbale imodzimodziyo. Chimene chinandidzutsa ndi injini.

Inadzuka ndi kiki imodzi yokha, choko osakhudza. Makaniko anapotokola timasikulu tija ndi sikuludiraiva yake mwachangu, monga amachitira ndi njinga zonse za kabaza, n'kupukusa moto kawiri. Inalira mokweza, mosalala, tatatatata, yopanda chitsokomolo ngakhale chimodzi. Achimwene anamwetulira mpaka m'makutu.

"Mwaimva? Yabwerera utsikana!"

Ntchito anaigwira bwino bamboyo, sindingamunenere choipa. Tinathokoza, tinalipira, tinanyamuka. Njinga inkathamanga tsopano, mphepo ikundilowa m'khosi, Lunzu n'kutsala m'mbuyo. Koma ine pampando paja ndinali ngati ndakwera kabaza wa munthu wosamudziwa. Ndinatsinzina kuti fungo lija libwerenso, osabwera. Imeneyi sinali njinga imene ndinkaimva ili kutsidya kwa dambo n'kuthamangira kukateleka madzi osamba. Ndipo ndinayamba kuganiza za apongozi anga. Munthu wosaona akati chinthu chibwere chikulira, ndiye kuti akufuna chiyani? Mkwiyo umene ndinanyamuka nawo kunyumba unayamba kundithawa, m'malo mwake munalowa mantha oti ndikuwapititsira mlendo.

Titadutsa pa Matindi ndinawagogoda achimwene paphewa.

"Taimani."

"Mwatani? Chizungulire?"

"Taimani pa mlambe apo."

Anaima, injini ikulirabe. Ndinatsika n'kumasula mfundo ya chitenje. Ataona kasupuni anadziwa, poti ankatipeza tikuchita zimenezi m'mawa.

"Ayi, achemwali, ayi. Munthu wakonza bwinobwino, inu mukufuna muonongenso? Dzuwa lapendeka, anthu atopa kudikira, akatinena kuti a ku Chileka ndi amwano. Ndiponso mawa lomweli a Fanuelo akaitchunitsa mwa iwo eni."

"Mawa ndi mawa. Lero ilowe m'mudzi mwawo ndi mawu ake."

"Ikazima pano ine sindikankha."

"Ndikankha ndekha."

Foni inayambanso kulira m'chikwama, ndinaisiya. A Bonifesi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analandira kasupuni akung'ung'udza, n'kunyonyomala. Ndinawauza zimene ndinkamva amuna anga akunena: injini ikhale yotentha, potokolani pang'ono ngati mukutsina mchere, mukatero dikirani iyankhe. Yambani ndi kotsitsa kulira, kenako ka mpweya mukalowetse pang'ono.

Ine ndinayenda kulowa m'munda wa nandolo wa eni ake, kutalika kwake ngati kuchokera pa mango kufika pa thandala, n'kuwafulatira. Patsogolo panga panali mapiri a buluu chapatali, ndi mbuzi ziwiri zikudya makoko. Malole akadutsa pamsewu tinkadikira phokoso lithe.

"Pano?" anakuwa achimwene.

"Ikuthamanga!"

"Pano?"

"Tsitsanibe!"

Kulira kunatsika, kunatsika, kenako kunayamba kugwedezeka.

"Ikutsamwa! Bwezani pang'ono!"

Anabweza mochedwa, inazima. Ndinamva akutukwana chapansipansi, kenako kiki. Tinayambiranso. Ulendo uno anapita ku kasikulu ka mpweya, ndipo mawu a injini anayamba kunenepa, kuchoka m'mphuno kutsikira m'chifuwa. Manja anga, osawatuma, anali akuzungulira m'malere ngati muli mbale. Mphepo inaleka. Ndiye ndinaimva: du-du-du, n'kupuma, du-du-du.

"Nanga pano?"

Mawuwo anali a achimwene, ndikudziwa, koma anandifika kuchokera pansi pa mango. Anafunsanso kachiwiri.

"Pomwepo," ndinatero. "Musakhudzenso."

Ndinalira m'munda wa nandolo umenewo kuposa mmene ndinalirira pamaliro. Achimwene sanandifulumizitse. Nditabwerera ndinawapeza akupukuta kasupuni pa buluku, maso ali pansi, ndipo anandibwezera.

Pa Lirangwe sitinaime. Tinakhota kusiya tala, kulowa msewu wafumbi, kudutsa chigayo, kudutsa mjigo umene bambo a Tadala ankaukonza ulere chifukwa ndi wa kwawo. Kuyambira pamenepo njira ndi ya miyala, ndiye achimwene anachepetsa moto, njinga n'kumangoti du-du-du pakati pa nyumba za anthu.

Anthu anali pabwalo, amuna pa mipando, amayi pa mphasa, nkhope zotopa. Koma pamene tinkatulukira pa ngodya ya khola, ndinaona apongozi anga ataimirira kale pakhonde, okha, opanda ndodo, mutu atapendeketsa.

"Laisoni!" anaitana.

Achimwene anazimitsa injini. Apongozi anaimabe choncho kanthawi, dzanja lili m'malere, kenako anafufuza khoma n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti ndalakwa kwambiri, ndawapweteka mayi okalamba chifukwa cha zofuna zanga. Ndinapita chokwawa ndi maondo n'kugwada patsogolo pawo.

"Tafika, amayi. Pepani tachedwa."

Anandigwira kumaso, n'kutsikira m'manja, n'kununkhiza zala zanga.

"Ndinaimva muli pa mjigo," anatero. "Ndikudziwa kuti mwana wanga anagona uko ku mitengo, sindinapenge ayi. Koma pakamwa panangotseguka pokha. Waitchuna chonchi ndani?"

"Achimwene ndi amene amapotokola. Ine ndimamvera."

"Eya. Ankandiuza kuti makutu a njingayi ali ndi inu."

Mwambo unayenda mwachangu poti nthawi inali itatha. Ankhoswe a mbali zonse analankhula, amalume a malemu anandithokoza kuti ndinamusamala m'bale wawo mpaka tsiku lomaliza, n'kunena kuti kuyambira lero ndamasuka. Mawu amenewo ena amawalandira ndi mpumulo, ine anandiwawa, poti ndinaona kuti pamudzi pano ndilibenso chobwerera. Anagawa zovala, wailesi anapatsa Tadala, zipangizo za mijigo anati zipite kwa mphwawo wina wa malemu. Atafika pa njinga, achimwene anatulutsa kiyi n'kuika pa mphasa, a Fanuelo n'kuyamba kudzuka pampando. Ine ndinayang'ana kumbali, dzanja lili pa mfundo ya chitenje.

"Fanuelo, takhala pansi," anatero apongozi.

"Amayi, mesa tinakambirana kale?"

"Munakambirana inu. Kiyiyo apatseni mayi a Tadala."

Amalume anayesa kuwakumbutsa mofatsa kuti katundu ngati ameneyu amatsala kwa eni mbumba, ndipo njinga ikhala pakhomo pomwe pano, aziimva tsiku lililonse.

"Ndiziimva ikuchoka," anayankha apongozi. "Ikakhala pano, ndidzaimva bwanji ikubwera?"

A Fanuelo anayang'ana amayi awo, n'kuyang'ana njinga, kenako anatola kiyi n'kudzandipatsa ndi manja awiri. Sanakondwe, nkhope inkaoneka, koma anandipatsa.

Tinanyamuka dzuwa likadalipo, Tadala atatsalira kuti agone ndi agogo ake. Achimwene anali atayamba kale kundiopseza kuti iwo sakhala dalaivala wanga mpaka kalekale, Lolemba ndiyambe kuphunzira pa bwalo la mpira, ndipo ndowa ndiiwale. Ataponda kiki, apongozi anandiitana ndi dzanja kuti ndisendere pafupi.

"Mwezi ukatha mubwere," anandinong'oneza. "Ndipo mukafika pa mjigo paja muzichepetsa moto, ndiziimva nthawi yaitali."